Agogo aja ndawapeza m'kaundula wa mpingo

Zikomo nonse munandiyankha nditafunsa za mmene ndingapezere mbiri ya agogo anga awiri, omwe ankathyola tiyi pa esiteti ina ku Thyolo. Ndinatsatira amene munati ndiyambire kumpingo, ku National Archives ku Zomba, komwe boma limasunga zolembedwa zakale, kubwere pambuyo.

Mlembi wa mpingo wathu wa CCAP ananditulutsira kaundula wa ubatizo ndi maukwati, mapepala ake odyeka ndi chiswe m'mbalimbali. Onse awiri alimo, pamodzi ndi mudzi womwe anafikira atachoka ku Mozambique. Misozi inalengeza m'maso.

Inu amene mukufufuza makolo a Chilhomwe, funsani kaye amalume mayina onse a agogowo, chifukwa ambiri ankapatsidwa dzina lina pobatizidwa. Tsataninso mudzi wa kuchikazi, poti kwathu kuno mwamuna ndiye amakalowa chikamwini.