Banki m'khonde ya pa Lizulu: K260,000 yapita kuti?

aNangozo: Apampando, sheya imodzi timayembekezera K1,450, mwatigawira K1,320. Pa masheya 2,000 ndi K260,000 imeneyo. Yapita kuti? Ife si ana.

Apampando: Ndinafotokoza kale pa msonkhano. Chiwongoladzanja cha ngongole ya K2,000,000 ija tinakongola ku banki mu Malichi 2023 sichinali chokhazikika, chimayendera reference rate, mlingo umene mabanki amayambirapo powerengera chiwongoladzanja cha ngongole. Banki yaikulu ya ku America, Federal Reserve, inakweza chiwongoladzanja kuchoka pafupi ndi 0 mu Malichi 2022 kufika 5.25 mpaka 5.5 peresenti mu Julayi 2023. Zikatero eni madola amakawasunga komweko, kuno amasowa, kwacha imafooka, katundu amakwera mtengo, Reserve Bank nayo imakweza policy rate, chiwongoladzanja chimene imakongozera mabanki. Mabanki athu amangotsatira.

Alembi: Zimenezo nzoona, koma tiwerengere. Tikusaina, policy rate inali 18. Epulo inafika 22, Julayi 24. Yakwera ndi 6. Ngakhale muwerengere chaka chathunthu pa K2,000,000 yonse, osachotsa zomwe tinkabweza mwezi ndi mwezi, sizidutsa K120,000. Ya 26 ya mu Febuluwale 2024 inatipeza tatsala ndi kubweza komaliza. Nanga K140,000 inayo?

Apampando: Chindapusa chochedwa kubweza, kuphatikiza inshuwalansi. Novembala ndi Disembala tinapereka mochedwa, ndipo amene anatichedwetsa akudzidziwa.

aNangozo: Nenani dzina, musazungulire. Ndine. Koma aliyense akudziwa kuti mu Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, feteleza ndi mankhwala opopera zinakwera sabata yomweyo. Mbatatesi ikapanda kupoperedwa nthawi ya mvula, chiwawu chimaimaliza m'masiku ochepa, masamba kuda, pansi kuola. Ndikanasiya munda ufe, ngongole yonseyo ikanabwezedwa ndi chiyani? Ndipo chindapusa cha gulu ndinapereka, K15,000, chili m'kabuku. Ndilipire kawiri?

aNachisale: Ena tinachedwa sabata imodzi yokha chaka chatha, munatilanda mbuzi. Ndime 9 ya malamulo a gulu imagwira anthu ena okha eti?

aNangozo: Amayi, za mbuzi zinatha kwa amfumu.

aNachisale: Kwa inu zinatha.

Asungichuma: Ine ndinakana kutenga ngongole imeneyi. Banki ikaona kuti boma likukongola pa ma treasury bill (makalata a ngongole ya nthawi yochepa) ndi phindu lalikulu, gulu la kumudzi lopanda chikole imaliwonjezera chiwongoladzanja pamwamba pa reference rate, imafupikitsanso nthawi yobweza. Komanso tisamangoloza ku America. Madola a fodya sakwana kugula mafuta, feteleza ndi mankhwala, vuto limenelo ndi lathu lomwe.

Alembi: Yophweka ndi iyi: sitetimenti ya ku banki ibwere Lachinayi. Imaonetsa padera ndalama yobweza, chiwongoladzanja, chindapusa ndi inshuwalansi, mwezi uliwonse. Tifananize ndi kaundula wathu mzere ndi mzere. Makalata a ngongole sali m'bokosi, ndayang'ana.

Apampando: Ndiye mukunditcha wakuba?

Alembi: Ndapempha pepala basi, bambo.

aNachisale: Pomwepo mutiuzenso za thumba la zadzidzidzi. Maliro a kwa aGama tinapereka K20,000, a kwathu K10,000. Ndipo kiyi wachitatu wa bokosi ali ndi ndani chichokereni mayi ankamusunga aja anasamukira ku Tsangano?

aNangozo: Apampando, mwawerenga, mizere ya pa WhatsApp yasanduka ya buluu. Lachinayi sitetimenti ibwera kapena ayi?