Injini ziwiri pa sikirapu, zonse akuti ndi 454

Wa ku Germiston: Akuluakulu, pano pa galaja ndili ndi Chevrolet C10 ya m'ma 1970, ya chiwongolero cha kumanja. Mwini wake watopa ndi injini ya malita 4.1 ya masilinda sikisi, akufuna big block, injini yaikulu ya V8 ya Chevrolet. Pa sikirapu ina andionetsa ziwiri, zonse akuti ndi 454 (nambalayi ndi kukula kwa injini m'ma cubic inch), koma imodzi yatchipa mokayikitsa. Ndizisiyanitse bwanji ndisanatulutse ndalama za munthu?

Madala a ku Benoni: Za wogulitsa zisiyeni kaye. Pukutani girizi kumbuyo kwa buloko, pomwe imakumana ndi giyabokosi, kumanzere mukakhala pampando. Pali nambala yotukuka. Kutsogolo, kumanja, pafupi ndi hedi, palinso zilembo zodinda, koma izo zimafufutika buloko ikapalidwa, ndiye musazidalire kwambiri.

Wa ku Germiston: Yodulayo ndi 14015445. Inayo nambala yadyeka ndi dzimbiri, akungoti inachoka mu lole.

Madala a ku Benoni: Yoyambayo ndi 454 ndithu, ya mtundu wa Mark IV womwe ankapanga 1991 isanafike. Koma mawu oti lole andidzidzimutsa. Malole a Chevrolet ankayenda ndi 366 ndi 427 za tall deck, za buloko yaitali, yomwe msinkhu wake ndi mainchesi 10.2 pomwe yamasiku onse ndi 9.8. Kusiyana kwa mamilimita 10 okhawo kumakulizani: manifolodi wamba safika popanda zowonjezera, distributor imafupika, ekizozi imakwera n'kumagunda pena. Mapisitoni ake ndi olemera, a maring'i anayi, anapangidwira kukoka katundu tsiku lonse, osati kuthamanga. Yang'anani bowo la pamwamba la bawuti ya pampu ya madzi. Likakhala pafupi ndi hedi, ndi yamasiku onse. Pakakhala mpata wooneka, ndi ya lole.

Wa ku Kempton: Madala, 427 ya lole musainyoze, kulanki yake ndi yolimba zedi.

Madala a ku Benoni: Zoona amwene, koma ikapezeka kuti ndi 366? Mwasenza chitsulo cha makilo oposa 300 kuti mupeze mphamvu yomwe injini yaing'ono ya 350 imapereka yosavutitsa.

Wa ku Kempton: Pamenepo ndagonja. Achimwene, mukatenga 454 musaiwale kuti imafuna flexplate (mbale yolumikiza injini ndi giyabokosi) ndi damper (gudumu la kutsogolo kwa kulanki) zakezake, zokhala ndi cholemetsa. Za 396 kapena 427 zimalowa bwinobwino koma galimoto imanjenjemera mpaka mano. Ine ndinachita, ndinatsitsa giyabokosi kawiri Loweruka limodzi. Giyabokosi yake funani ya otomatiki ya TH400.

Wa ku Germiston: Ndapitanso. Yotchipayo mpata ulipo, chala chikulowa. Ndaisiya. Yodulayo ili ndi malo a pampu ya petulo yoyendera kamu, ndiye sinali ya 1991 kupita kuno. Kungoti mahedi ake ndi a timabowo tating'ono.

Madala a ku Benoni: Peanut port amenewo. Pa bakkie akwanira, amakoka kuyambira pansi. Chomwe chikuvutitseni ndi chiwongolero. Mapaipi a ekizozi ogula ku America anawapindira galimoto za chiwongolero cha kumanzere, pomwe yanuyo chiwongolero, sitata ndi pampu ya petulo zonse zikulimbirana mbali imodzi. Musaode kanthu. Ikani injini kaye, muyeze, muwotcherere nokha. Masipuling'i akutsogolo ndi redieta muziikiretu pa koteshoni.

Wa ku Germiston: Zikomo madala. Mawa ndikatenga geji ya kompulesheni, ikadutsa ndilipira.