Katapila, banki m'khonde, hokala ndi alamu: ndiyambe kubweza iti?

NaMachinjiri

Abale anga, ndithandizeni nzeru, mutu wanga waima. Ndimakhala ku Machinjiri, ndimagwira ntchito pashopu ina yogulitsa zipangizo zomangira ku Limbe, ndipo pakutha pa mwezi ndimalandira K320,000. Bambo a kunyumba ndi mmisiri womanga. Akapeza kontirakiti timadya bwino ndithu, koma nyengo ya mvula ino anthu aimitsa zomanga, ndiye amangobwera ndi ya ndiwo basi. Ana alipo awiri, onse pasukulu ya pulayiveti, fizi K60,000 aliyense pa temu.

Zinthu zinasokonekera bambo anga atamwalira muno m'tauni. Ine ndiye woyamba kubadwa, ndiye bokosi, galimoto yonyamula maliro kupita kwathu ku Thyolo, ufa ndi nyemba za pasiwa, zonsezo anthu ankayang'ana ine. Chipepeso chinatha tisanaike n'komwe. Ndinatenga K200,000 ku banki m'khonde yathu, chiwongoladzanja chake 20 peresenti pa mwezi. Sizinakwane, ndiye ndinathamangira kwa bambo wina wa katapila pafupi ndi kuntchito, anandipatsa K150,000 pa 50 peresenti pa mwezi. Khadi yanga ya ATM ali nayo iyeyo, nambala yachinsinsi yomwe. Tsiku la malipiro amakatapa yekha K75,000, kenako n'kundiitana kuti ndikatenge zotsala. Miyezi inayi tsopano, koma K150,000 ija ikadali pomwepo. Alamu anga a ku Bangwe anandibwereka K100,000, iwowa sananene za chiwongoladzanja, koma moni wawo wayamba kuzizira. Pahokala ya pafupi ndi nyumba kabuku kakuonetsa K38,000, za shuga, sopo, mafuta ophikira ndi buledi wa ana.

Lendi ndi K90,000, katapila K75,000, banki m'khonde K40,000, minibasi pafupifupi K60,000, mayunitsi a magetsi K15,000, madzi K12,000. Zotsala ndi K28,000, mwezi wonse, fizi sindinaiwerengere. Ndiyambire pati? Anzanga ena akuti ndiyambe ndi yaing'ono ya pahokala kuti mtima ukhaleko pansi, ena akuti alamu kaye chifukwa chibale chikaonongeka sichibwerera.

Mphunzitsi_Wopuma, Chilomoni

Pepani ndi zovuta, mayi. Tiyeni tiwerengere limodzi. K75,000 kanayi ndi K300,000. Munthuyo mwamubwezera kale kawiri ndalama yomwe anakupatsani, ndipo akukuwerengeranibe ngongole yonse. Pa chaka, 50 peresenti ya pamwezi ndi 600 peresenti. Timadandaula kuti mabanki akudula kuchokera pomwe Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu 2024, koma imeneyo ndi ya pachaka. Ndiye funso loti muyambire pati lisakuvuteni. Hokala sikubala, ya alamu sikubala, ya banki m'khonde ikubala pang'ono, ya katapila ndi yomwe ikukudyani amoyo.

Njira yake ndi iyi. Ngati gulu lanu lingalole, tenganinso K150,000 ku banki m'khonde mukamutseke pakamwa bamboyo tsiku limodzi. Ena akuuzani kuti ngongole sabweza ndi ngongole, koma taonani: pa K150,000 yomweyo muzilipira K30,000 pa mwezi m'malo mwa K75,000. Mwapulumutsa K45,000 mwezi uliwonse osagulitsa ngakhale supuni. K45,000 imeneyo isalowe m'poto ayi, izipita kukadula ngongole yeniyeniyo.

Popita kukabweza musapite nokha. Tengani mboni, munthu wamkulu, alembe pa pepala kuti mwamaliza, asayine, khadi akupatseni pomwepo, ndipo tsiku lomwelo mukasinthe nambala yachinsinsi. Mwinanso yambani mwamupempha kuti achotsereko, mumukumbutse K300,000 yomwe wadya kale. Anthu amenewa amadziwa kuti bizinesi yokongoza ndalama imafuna chiphaso cha Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, ndipo ambiri alibe. Lilipo lamulo la Loans Recovery Act lomwe limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole ya chiwongoladzanja chonyanya. Sindikunena kuti mukasume, koma akaona kuti mukuzidziwa zimenezi amafewa.

MayiMlembi_Zingwangwa

Aphunzitsi anena zoona pa masamu, koma ine ndine mlembi wa banki m'khonde kwathu kuno, ndiye ndionjezereko mbali yomwe sanaione. Magulu ambiri amakongoza munthu mpaka katatu ka masheya ake. Achemwali, masheya anu ndi angati? Ngati muli ndi K80,000, simungadutse K240,000, ndipo inu mwatenga kale K200,000. Ndiye musangodzuka pa tsiku la msonkhano n'kuimika dzanja, mudzachita manyazi pagulu. Pitani kwa tcheya ndi msungichuma kunyumba kwawo msonkhano usanafike, muwauze zonse, za katapila zomwe. Azimayi akamva kuti mnzawo khadi inagwidwa amamva chisoni, ena amalola kukuimirani ndi masheya awo.

Chachiwiri, ngongole ya m'gulu ili ndi tsiku lake. Pofika nthawi yogawana, kwa ambiri ndi Disembala, ndalama yonse iyenera kukhala itabwerera m'bokosi. Pamenepo palibe chibale. Ndaonapo ndi maso anga azimayi khumi ndi asanu atatsogozana kupita pakhomo pa mnzawo, n'kutuluka ndi firiji, matiresi ndi mapoto, ana akuonerera. Mukatenga K350,000 yonse pamodzi, chiwongoladzanja chokha ndi K70,000 pa mwezi, ndiye gawani ndalama yeniyeniyo pa miyezi yotsala muone ngati mungakwanitse. Ubwino wake ndi woti chiwongoladzanja chomwe mukulipira m'gulu, gawo lina lidzakubwererani pogawana. Cha katapila chikapita chapita.

Za hokala musazinyoze. Ndi yaing'ono inde, koma ndi yomwe imakudyetsani kuyambira pa 20 mpaka pa 30 mwezi uliwonse. Muzimuponyerako K10,000 mukalandira, asatseke kabuku.

Jah_wa_Ndirande

Mami, ine ndilankhula mosapsatira. Lendi ya K90,000 pa salale ya K320,000 muli ndi ngongole zinayi? Samukani. Pezani ya zipinda ziwiri ku Bangwe kapena ku BCA, kufupi ndi Limbe, mudule lendi ndi thiransipoti nthawi imodzi. Ana apite ku sukulu ya boma chaka chimodzi, safa. TV ngati ilipo gulitsani, ndi bwino kugulitsa nokha pamtengo wanu kusiyana n'kuti adzakulandeni. Kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tonse tikukhala moyo wotsika, palibe woseka mnzake.

Komanso tingongole ta pafoni tija musatiyandikire. Timaoneka tating'ono, koma ndalama ikangolowa mufoni amadula okha musanaione.

NaMachinjiri

Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza. Aphunzitsi, K300,000 ija sindinaiphatikizepo chiyambire, ndimangoona K75,000 ya mwezi umenewo. Nditaiona ndakhala kaye pansi.

Amayi a ku Zingwangwa, masheya anga ndi K95,000, ndiye malire anga ndi K285,000. Ndingathe kuonjezera K85,000 yokha. Yotsala K65,000 ndiyomwe ndikuisaka tsopano. Ndili ndi makina osokera omwe anandisiyira mayi anga aang'ono, angokhala pakona ataphimbidwa ndi chitenje, telala wina wa mumsika anawafunsapo kale. Amenewo ndingagulitse. TV ayi, achimwene a ku Ndirande, ndi yakale moti wogula angandipatse ya makala thumba limodzi.

Zosamuka ndaziganizira, koma si zophweka monga mukunenera. Nyumba yatsopano amafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi, kuphatikiza galimoto yonyamula katundu, ndalama imeneyo ndiitenga kuti, kwa katapila wina? Alandilodi anga panopa ndi mayi wachikulire, ndikachedwa sabata amangoti "mwanangu, ukapeza ubweretse." Wotere simumupeza kawiri mu Blantyre muno. Mita ya madzi ndi yathuyathu, sitikanganirana bilu ndi munthu. Za sukulu ndiye ndikavomere, wamkuluyo ali Sitandade 7, ndimusiye amalize pomwepo, koma wamng'ono wa Sitandade 2 akhoza kupita ku ya boma temu ikubwerayi.

Pali china chomwe sindinanene. Bambo a kunyumba akudziwa ya banki m'khonde ndi ya achimwene awo a ku Bangwe. Ya katapila sakuidziwa. Amaona ngati khadi ndimaisunga kuntchito.

MayiMlembi_Zingwangwa

Iii achemwali, pamenepo ndiye pali nkhani. Auzeni inu nomwe asanamve kwa ena, chifukwa mukangouza tcheya ndi msungichuma, sabata siitha nkhani isanafike kwa amuna awo, ndipo amunawo amakumana pabawo. Mutu umodzi susenza denga. Ndalama munaikira maliro a bambo anu, simunagulire mawigi. Akwiya tsiku limodzi, mawa lake ayamba kuwerengera nanu. Musawauze ali ndi njala kapena ana ali pomwepo, ndipo pepala la masamu a aphunzitsi likhale m'manja, aone kuti mwabwera ndi njira yotulukira.

Ndiponso kwa alamu anuwo oyenera kupita ndi bambo a kunyumbawo, pachibale pawo. Akawauze kuti ndalama yawo iyamba kubwera katapila akatha, kaya K20,000 pa mwezi, atchule mwezi woyambira. Chomwe chimapweteka wokongoza ndi kukhala chete kwanu, amayesa mwaiwala dala.

Mphunzitsi_Wopuma, Chilomoni

K85,000 ya m'gulu kuphatikiza ya makina, mwina mufika kapena mutsala pang'ono. Ikapanda kukwana musadikire kuti ikwane, kaperekeni yomwe ilipo ndipo alembe kuti yadula ngongole yeniyeni, osati chiwongoladzanja, chifukwa pamenepo ndi pomwe amabera anthu. Mukapereka K120,000 yotsala ndi K30,000, chiwongoladzanja chake K15,000, mwezi wotsatira mwamaliza. Chitani zimenezi tsiku la malipiro lisanafike, asanakatapenso K75,000 ina.

Mboni ngati mulibe, funsani mkulu wa mpingo wanu kapena mfumu ya m'dera lanu. Ndipo funsani kuntchito ngati pali SACCO (bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsa ndalama) yomwe ogwira ntchito amalowa, muyambe kuikako kangachepe mukapuma, chifukwa kumeneko ngongole yadzidzidzi imatuluka pa chiwongoladzanja chotsika kwambiri poyerekeza ndi 20 peresenti ya pamwezi.

NaMachinjiri

Telala uja ndamuimbira, akuti abwera Loweruka kudzawaona makinawo, akufuna ayese kaye ngati akusoka bwino. Kwa tcheya ndipita Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi. Bambo a kunyumba ndiwauza usiku uno ana akagona. Alipo amene akudziwa mtengo wa makina a Singer opalasa ndi phazi, akale koma oyenda bwino, kuti telalayu asandigwetse?