Chimfine chosatha, tsopano chikope cha mwana chatupa

Mayi wa ku Chibavi:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa zaumoyo. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 13 wakhala ndi chimfine chiyambireni kuzizira kwa mwezi wa Juni. Mamina ake ndi okhuthala achikasu, ndipo akudandaula mutu pachipumi makamaka akawerama. Atamuyeza malungo sanam'peze nawo, koma lero wadzuka chikope chakumanzere chitatupa. Kodi chimfine chingafike mpaka kudiso?

Namwino wa ku Luwinga:
Mayi, pitani naye kuchipatala lero lomwe, musadikire mawa. M'mafupa a nkhope muli timapanga tolumikizana ndi mphuno, ndipo chimfine chikatseka njira zake, mamina amaunjikana momwemo n'kukhala malo oswanirana mabakiteriya. Fupa limene lili pakati pa timapangati ndi diso ndi lopyapyala ngati pepala, choncho matenda savutika kudutsa. Ngati kutupa kuli pachikope pokha, mankhwala amathetsa vutolo, koma diso likatuzuka, likamapweteka polizunguza, kapena mwana akamaona zinthu ziwiriziwiri, ndiye kuti matenda afika kuseri kwa diso. Pamenepo amafunika kugonekedwa ndi kulandira mankhwala odzera m'mitsempha, mwinanso opaleshoni yochotsa mafinya, chifukwa kuchedwa kungathe kumupha diso.

Wazachipatala wa ku Katoto:
Ndikugwirizana ndi anamwino, koma ine chandidetsa nkhawa kwambiri ndi msinkhu wa mwanayo pamodzi ndi mutu wa pachipumiwo. Timapanga ta pachipumi timayamba kuoneka mwana akafika zaka pafupifupi 7 ndipo timapitiriza kukula pa unyamata, n'chifukwa chake mafinya ofika pafupi ndi ubongo amapezeka kwambiri mwa achinyamata, makamaka anyamata, kusiyana ndi ana aang'ono. Mabakiteriya amadzera m'timitsempha ta magazi todutsa m'fupa la chipumi, ndipo angayambitse chotupa chofewa pachipumi, matenda oumitsa khosi, kapena mafinya pansi pa chigaza. Mutu wokulirakulira, kusanza, kugona kosazolowereka, kusokonezeka maganizo, kukomoka kapena kufooka mbali imodzi ya thupi ndi zizindikiro zofunika kuthamangira nazo ku Mzuzu Central Hospital ngakhale usiku.

Zoterezi sizichitika kawirikawiri, ndipo chimfine chambiri chimatha chokha. Chokayikitsa ndi chimene chadutsa masiku 10 osasintha, chimene chinayamba kuchepa kenako n'kubweranso mwamphamvu, kapena chobwera ndi kutentha thupi kofika madigiri 39 ndi mamina amafinya kwa masiku atatu otsatizana.

Mphunzitsi wa ku Zolozolo:
Ndiwonjezepo zimene timaona kusukulu. Makolo ena amadzigulira okha mankhwala a amoxicillin, mwana n'kumwa masiku awiri, mutu ukangochepa n'kusiya, ndipo amamutumizanso m'kalasi akadali wodwala. Mankhwala osamalizawo amangophimba zizindikiro, choncho mayi, ngati mwanayo wamwapo kale chilichonse, mutenge mapaketi ake mukawaonetse adokotala, ndipo muwauze tsiku lenileni limene chimfine chinayamba.