Kodi mlangizi wa achinyamata agwire ntchito yanji imene mphunzitsi ndi nankungwi sagwira?

Nachisale, Dedza:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Mwezi watha amfumu ndi komiti ya chitukuko anandisankha kuti ndiziyang'anira gulu la achinyamata limene limakumana Loweruka masana pabwalo la sukulu ya pulayimale. Alipo 30, ena ali pasukulu, ena analekeza sitandade 6, ndipo atsikana atatu amabwera ali ndi ana kumbuyo. Makolo ena akundifunsa kuti ndimawauza chiyani ana awo chimene aphunzitsi sanena m'kalasi, chimenenso anankungwi sananene kutsimba, ndipo kunena zoona ndinasowa choyankha. Kodi ntchito yanga yeniyeni ndi iti?

Mbewe, mphunzitsi wopuma, Zomba:

Mayi Nachisale, funso lanu landikumbutsa masiku a Payoniya. Gulu la Malawi Young Pioneers linayamba mu 1963, ndipo m'mabesi ake, monga ya Nasawa kuno ku Zomba, achinyamata ankaphunzira ulimi, luso la manja ndi mwambo. Koma m'kupita kwa nthawi gululo linasanduka chida cha ndale, anthu n'kumaliopa, mpaka asilikali analilanda zida mu Disembala 1993. Chimene ine ndinatolapo n'chakuti wolangiza achinyamata akayamba kuopedwa, ana amamumvera pamaso pokha. Ife aphunzitsi timathamangitsana ndi silabasi ndi mayeso, ndipo chiyambire maphunziro aulere mu 1994 makalasi anadzaza kotero kuti mwana amatha kujomba sabata yathunthu ife osadziwa chimene chamugwera. Inu mulibe choko kapena chikwapu, n'chifukwa chake mwana angathe kukuululirani zimene sangauze mphunzitsi ngakhale mayi ake omubereka.

Nangondo, Mangochi:

Ndikuvomerezana ndi bambo Mbewe, koma ine mtima wanga uli pa atsikana atatu aja, chifukwa ntchito yanu yagona pamenepo. Kuyambira mu 1993 boma limalola mtsikana amene anachembeza kubwerera kusukulu, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18. Malamulowo alipo, koma sayenda okha kukafika pakhomo pa munthu. Pafunika wina woti akakhale pamkeka ndi makolo, akambirane za amene azitsala ndi mwana m'mawa, za yunifomu imene inathina, ndiponso apite naye mtsikanayo kwa ahedi, chifukwa payekha amabwerera pachipata poopa anzake amene amamuitana kuti "make mwana". Ine ndinaperekezapo mtsikana wina katatu asanalimbe mtima kulowa m'kalasi, ndipo tsiku lachitatulo agogo ake anakhala pansi pa mtengo wa mango kunja kwa mpanda, khanda lili pamiyendo, kudikira nthawi ya buleki kuti liyamwe.

Inu muli ndi mwayi chifukwa ku Dedza kwanuko Inkosi Kachindamoto anaonetsa kale kuti mfumu ingathe kuthetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu, choncho amfumu anu sadzadabwa mukawapempha kuti akuthandizeni. Gwiraninso ntchito ndi amayi a mother group a pasukulupo. Anankungwi musalimbane nawo, koma muwayendere mwaulemu, pakuti makolo amawakhulupirira kuposa inu. Mukamva za nkhanza kapena kugwiriridwa, musaiweruze nokha nkhaniyo, pitani nayo ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kapena kupolisi, ndipo ana onse adziwe nambala ya foni yaulere yothandiza ana ya 116.

Jere, Mzuzu:

Pepani akuluakulu, ine ndine wamng'ono pano, koma ndikuona kuti anyamata mwawaiwala. Mnyamata amene analekeza sukulu n'kuyamba kabaza, ndalama ya tsiku n'kumathera pa kubetcha mpira ndi kachasu, sangabwere Loweruka lililonse kudzamva malangizo okhaokha. Iye amafuna kudziwa kumene angaphunzire kuwotcherera zitsulo kapena kumanga nyumba, choncho mlangizi ayenera kudziwa njira zolowera m'makoleji a ntchito zamanja ndi maphunziro a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a luso la manja, ndi kumuthandiza kulemba mafomu nthawi isanathe. Chenjeraninso ndi ma alawansi. Kwathu kunabwera bungwe lina ndi matisheti, zakumwa ndi ndalama ya thiransipoti, ndipo gulu lathu linakula msanga, koma pulojekiti itatha patapita zaka ziwiri tinatsala anthu asanu, amene tinkasonkhana kale bungwelo lisanabwere.

Nachisale, Dedza:

Zikomo kwambiri nonse. A Jere, anyamata a kabaza ndili nawo anayi, ndipo n'zoona kuti awiri asiya kale kubwera, ndiye ndikawapeza pa siteji pomwe amaima. Mayi Nangondo, Lachiwiri ndikaonana ndi ahedi za mtsikana mmodzi amene anasiya ali sitandade 7, koma bambo ake akukana, akuti analandira kale ndalama kwa mwamuna. Kodi ndiyambire kwa amfumu kapena kwa amalume ake a mtsikanayo?