Kiyibodi ya mwana wa zaka 7: tigule kapena tidikire kaye?

Amake mapasa: Moni nonse. Mtsikana wanga wayamba maphunziro a piyano Loweruka lililonse ku Kabwata, manje aphunzitsi akuti tigule kiyibodi yapanyumba poti kamodzi pa sabata sikukwana, akafika Loweruka lotsatira zonse waiwala. Ndapeza Yamaha ya makiyi 61 yogwiritsidwapo kale ntchito, mwini wake ali ku Chilenje. Ndigule kapena ndi kutaya ndalama chabe?

Bambo wa ku Matero: Ine ndinene zoona amayi, musafulumire. Wanga ndinamugulira Casio ali ndi zaka 8, miyezi iwiri anali nayo pamtima, lero ili pamwamba pa wadirobu yadzaza fumbi, mpira ndiye wamutenga. Ana amasintha msanga, ndalamayo ikanalipira fizi ya temu yonse.

Amake mapasa: Ndi zomwezo zikundiopsa achimwene.

Woyimbitsa kwaya: Pepani ndilowererepo, ndaphunzitsako ana kutchalitchi zaka zambiri. Mwana amene alibe poyeserera kunyumba amagwa ulesi osati chifukwa sakonda nyimbo ayi, koma poti sabata iliyonse akubwereza zomwezomwezo, anzake akupita patsogolo iye ali pa do re mi pomwepo, mapeto ake amati piyano njovuta. Mphindi 15 tsiku lililonse zimaposa maola awiri a Loweruka. Zala zimaphunzira pobwereza, mutu wokha sungathe.

Bambo wa ku Matero: Nanga wanga uja anali nayo kunyumba bwanji anasiya?

Woyimbitsa kwaya: Munkakhala naye pansi kumumvetsera akamayimba? Sindikukuweruzani bambo, kungofunsa.

Bambo wa ku Matero: Mmm apo mwandigwira, ndinkafika usiku ndatopa.

Aunt a ku Chelstone: Ine nkhawa yanga ndi makiyi 61 amenewo. Piyano yeniyeni ili ndi makiyi 88, oyera 52 akuda 36, ndipo ndi olemera ukamadina. Wanga atapita kukalemba mayeso a piyano a ABRSM, bungwe la ku UK loyesa ophunzira nyimbo, anadabwa, zala zinazolowera makiyi opepuka ngati a chidole, pa piyano yeniyeni mawu amatuluka ofooka. Ngati mukufuna apite patali mpaka giredi 8 ya mayeso amenewo kapena akaphunzire nyimbo ku koleji ya Evelyn Hone, sungani ndalama mugule ya 88 kamodzi n'kamodzi.

Woyimbitsa kwaya: Zoona aunt, koma mwana wa zaka 7 nyimbo zake zoyamba zonse zili pakatikati pa kiyibodi, kumapeto uko safikako n'komwe. Ya 61 imutengera zaka ziwiri bwinobwino. Chofunika amake mapasa, mukapita kukaiona dinani kiyi imodzi pang'onopang'ono kenako mwamphamvu, mawu akuyenera kusintha kukula kwake. Ikamalira chimodzimodzi isiyeni, imeneyo siimuphunzitsa mwana kuyimba mofewa ndi mokweza. Dinaninso makiyi onse imodzi imodzi, zakale zimakhala ndi ina yakufa, muonenso ngati adaputa ilipo komanso pobayira hedifoni.

Amake mapasa: Hedifoni ndiye yofunika, nyumba yathu ndi yolumikizana ndi ya alandilodi. Nanga malaiti akapita?

Aunt a ku Chelstone: Zing'onozing'onozo zambiri zimalowa mabatire 6 a AA, apo ndiye zimaposa yanga, ine malaiti akapita phunziro latha.

Bambo wa ku Matero: Chabwino ndagonja pang'ono. Koma musanapereke ndalama ku Chilenje, bwerani mudzatenge Casio yangayo mumuyese nayo mwezi umodzi, akamaikhalira yekha osamukakamiza ndiye mukagule yanu.

Amake mapasa: Ayi zikomo kwambiri achimwene, Mulungu akudalitseni! Ndibwera Loweruka tikachoka ku phunziro, ndimubweretsa mwanayo adzaipukute yekha fumbi. Ili ndi adaputa yake?

Bambo wa ku Matero: Ndiyang'ana madzulo ano, ndikuganiza ili m'katoni momwemo.