Gulu la Banja: Thadzi la agogo

Mdzukulu kumudzi: Mwaswera bwanji nonse. Thadzi lakuda la agogo, la Mikolongwe lija, silikudya. Langokhala pakona mapiko ali pansi, maso otsinzina. Ndamwaza madeya silikujompha nkomwe.

Malume: Ingolizingani likadali ndi moyo. Nkhuku sikhala ndi chipatala.

Mdzukulu kumudzi: Agogo akana aMalume. Akuti ndi limene limawaikira mazira a ndiwo ndi a mchere. Kuyambira m'mawa angokhala pakhonde kuliyang'anira.

Achemwali a ku Zomba: Zitosi zake zikuoneka bwanji? Khosi likupindika?

Mdzukulu kumudzi: Zamadzimadzi, zobiriwira. Khosi lili bwino koma likupuma motsegula kukamwa.

Achemwali a ku Zomba: Chingakhale chitopa chimenecho, nyengo yake ndi ino yotentha. Lichotse pa zinzake pompano. Uliike m'dengu pamthunzi, kutali ndi khola, uyale kachiguduli. Ukaligwira usambe m'manja ndi sopo usanapite kwa anapiye.

Azakhali: Paja mu Julaye tinagwirizana kuti aliyense aponye K3,000 ya katemera ndi chakudya cha nkhuku za amayi. Tinapereka anthu atatu. Sinditchula maina.

Achimwene a ku Johannesburg: Ine yanga ndinatumiza pa Mukuru limodzi ndi ya malata aZakhali.

Azakhali: Inu mulibe mlandu mwanawe. Ena akuwerenga ali phee.

Malume: Ndanena kale, lizingeni. Mudzawononga ndalama pa nkhuku imodzi.

Achemwali a ku Zomba: AMalume, nkhani si imodziyo, m'kholamo muli zina 14. Chitopa chikalowa chimasesa khola lonse, chilibe mankhwala. Chimene tingachite ndi kulisunga ndi mphamvu, mwina thupi lake lilimbana nacho lokha. Ndipo ngati ndi matenda ena, likhoza kuchira bwinobwino likamamwa madzi.

Mdzukulu kumudzi: Ndilimwetse bwanji poti silikutsegula mlomo lokha?

Achemwali a ku Zomba: Yamba ndi madzi, chakudya pambuyo. Madzi ofunda pang'ono m'kapu, kashuga pang'ono ndi kamchere kotsina ndi zala. Upeze sirinji yopanda singano, ikasowa kasupuni kakang'ono. Ulifunde nsalu kuti lisakupize mapiko, ulikhazike pamiyendo mutu uli chilili. Udonthezere m'mbali mwa mlomo, dontho limodzi, udikire limeze, kenako lina. Usathire pakati. Kuseri kwa lilime kuli kabowo kopumira, madzi akalowa mmenemo litsamwa n'kufa uli chiligwirire.

Alamu: Kwathu timasinja tsabola ndi alovera n'kuthira m'madzi. Agogo anga ankatero.

Achemwali a ku Zomba: Ambiri amatero alamu, koma chitopa sichimva zimenezo. Ndipo nkhuku yofooka chonchi musaiwawitse kukhosi, ikana ndi madzi omwe.

Alamu: Chabwino, ine ndimangothandiza maganizo.

Azakhali: Thandizaninso ndi K3,000 ija alamu.

Achimwene a ku Johannesburg: Za malata zija zili pati kodi? Mvula ikubwera, denga la kukhitchini lija likadali la udzu?

Malume: Malata alipo kwanga, akusowa ndi misomali ndi mmisiri.

Azakhali: Chaka chatha feteleza analinso kwanu.

Malume: Mukufuna kunena chiyani achemwali? Nenani poyera.

Azakhali: Sindinanene kanthu.

Achimwene a ku Johannesburg: Chonde akuluakulu, ana ali pagulu pompano.

Mdzukulu kumudzi: Pepani, lamwa masupuni angapo ndipo latsegula maso. Ndiliphikire phala?

Achemwali a ku Zomba: Eya, la mgaiwa, lamadzimadzi, lizizire kaye. Ngati pali dzira uwiritse, uphwanyiremo chikasu chake. Uyike kambamu kakang'ono kutsogolo kwa mlomo lizimeza lokha. Pang'onopang'ono koma pafupipafupi, osati kulikhutitsa kamodzi. Uzigwira pachithokomiro, mmunsi mwa khosi chakumanja. Ukapeza m'mawa chikadali chodzaza kapena chikununkha chosasa, usawonjezere chakudya, madzi okha, undiuze.

Malume: Dzira lopatsa nkhuku! Amayi adye chiyani? Lizingeni basi.

Azakhali: Achimwene, mwanena katatu tamva. Mwini nkhuku wakana. Ndiponso nyama ya chiweto chodwala musawadyetse amayi.

Achimwene a ku Johannesburg: Nanga katemera uja sangalithandize?

Achemwali a ku Zomba: Lodwala kale salipatsa, katemera ndi woteteza. Ndi wa zinazo, ngati alangizi aona kuti zikadali bwino. Amamutcha I-2, amapangidwa ku Lilongwe, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, ndi anapiye omwe, kubwereza pakatha miyezi 4. Tikanachita mu Julaye muja bwenzi pano mtima uli m'malo.

Azakhali: Ndi zimene ndikunenazo.

Mdzukulu kumudzi: Alangizi a ziweto amakhala kutali, pafunika ya kabaza kupita ndi kubwera. Ine ndilibe ngakhale ya mayunitsi.

Achimwene a ku Johannesburg: Nditumiza K10,000 usiku uno. Ipite kwa aZakhali, iwo aponye pa Airtel Money.

Malume: Bwanji osatumiza kwa ine, ndili pafupi?

Azakhali: Ibwere kuno. Ndidzaika risiti pagulu pano aliyense aone. Otsala aja muli anayi, Lachisanu ndikufuna ndalama. Wa ku Mzuzu uja foni ikuonetsa kuti wawerenga.

Alamu: Ine ya mwezi ikalowa.

Achemwali a ku Zomba: Iwe, zina zonse uzitsekere m'khola zisayende m'mudzi mpaka alangizi abwere, uwauzenso oyandikana nafe. Likafa usiku usalitaye kudzala, agalu amwaza matenda. Ukumbe dzenje lakuya ulikwirire kapena uliwotche.

Mdzukulu kumudzi: Ndamva achemwali. Agogo akuti zikomo nonse, akufunsa ngati aMalume abwera ndi misomali Loweruka.

Malume: Auze ndiona.

Azakhali: Ndalama yalowa. Ndakuponyera, mawa ulawirire kwa alangizi dzuwa lisanatenthe.